Diso la Achimwene Pansi pa Mpopi

Kwathu nkhani ya diso la bambo inkakambidwa ngati nkhani yosangalatsa, ndipo ine ndinkaikonda kuposa ana onse chifukwa ndinalimo. Ndinali khanda la kumsana, sindingakumbukire kanthu, koma ndinaimva kambirimbiri mpaka inandikhazikika m'mutu ngati loto limene munthu walota kawiri. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona njirayo ikugwedezeka, ndimamva ndi kupuma kwa amayi komwe.

Bambo ankagwira ntchito yopopera mankhwala opha udzu m'minda ya tiyi, pa esiteti imene tinabadwirapo, m'munsi mwa phiri la Mulanje. M'mawa wina akutsanula mankhwala m'chigubu, mankhwalawo anadumpha n'kuwagwera m'maso onse awiri. Munthu anathamangira kumalayini, kunyumba za kampani kumene tinkakhala, kukauza amayi. Amayi anangonditola pamphasa, kundiponya kumsana, n'kuliyatsa liwiro. Pokamba nkhaniyi sankadumpha kanthu. Ankatchula mabulugamu atatu a pamphambano, kamlatho ka matabwa, kenako mpopi wachitsulo umene uli pafupi ndi posakanizira mankhwala, pomwe patapata wawo anadukira iwo osacheuka n'komwe. "Unali wolemera iwe, mwanaka," ankatero, kunditchula mwana wawo m'Chilomwe monga ankachitira mtima ukakhala pabwino. Anapeza bambo akugubuduzika pansi, anzawo atawazungulira manja ali pamutu. Amayi anagwada, kuika mutu wa amuna awo pantchafu, n'kuwakamira mkaka wa m'mawere. Ndi mmene aliyense ankadziwira kupulumutsa diso, kaya lalowa tsabola, kaya njoka yakulavulira.

Diso lakumanzere linatsala. Lakumanja linayera pang'onopang'ono mpaka linangoti mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Amayi ankati nalonso likanapulumuka akanafika msanga, ndipo pamenepo ankapukusa mutu pang'ono, koma nkhani inkathera pabwino nthawi zonse. Bambo ankanditembenukira ndi mutu wonse, monga ankachitira poyang'ana chinthu cha kumanja kwawo, n'kunena kuti, "Iwe, chakudya chako cha tsiku limenelo ndinadya ndine, n'chifukwa chake unapinimbira chonchi." Tonse tinkaseka. Ndine wamfupi zoona, ndipo ndinkanyadira kuti kufupika kwanga kunawasungira bambo diso.

Kampani inawachotsa kopopera n'kuwaika ulonda wa pageti. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala nawo pamenepo, ndikuwerenga mathirakitala odutsa ndi masamba a tiyi. Tsiku lina ndinawafunsa chimene amaona ndi diso loyeralo. Anaganiza kaye, kenako anati, "Chiperoni chokhachokha." Ndinakhulupirira kwa zaka zambiri kuti m'mutu mwa bambo, mbali ya kumanja, mumagwa kamvula kosatha, ndipo ndinkawamvera chisoni kuti azizidwa. Anamwalira ine ndili kusekondale. Anandisiyira bokosi la mkungudza limene anagula kwa amisiri a kuphiri, lotalika ngati mkono wanga, limene ankasungamo mapepala a ntchito ndi khadi la kutchalitchi. Ukalitsegula fungo lake limakufika pakhosi, ndipo njenjete sizilowamo.

Nditamaliza sukulu ndinakhala pakhomo zaka ziwiri, ndikuthandiza amayi kugulitsa nanazi ndi nthochi pamsika wa Chinakanaka. Kenako ndinamva kuti kusitolo ya mankhwala ya pa esiteti akufuna munthu wodziwa kuwerenga Chingerezi. Ndinapita nditavala nsapato za msuweni wanga zimene zinkandiluma, ndipo ananditenga. Sitoloyo ndi kanyumba ka njerwa kopanda mawindo, kongokhala ndi timabowo m'mwamba, pafupi ndi posakanizira pomwe paja. Ntchito yanga inali kutulutsa zigubu m'mawa, kulandira zopanda kanthu masana, ndi kuonetsetsa kuti aliyense watenga magolovesi ndi magalasi otchinga m'maso. Nthawi yotsala yonse inali yodikira.

Mankhwala alionse ankabwera ndi mapepala ake, atatu kapena anayi olumikizidwa pakona, olembedwa m'Chingerezi cha tizilembo ting'onoting'ono. Amafotokoza kuti mankhwalawo ndi chiyani, amaopsa motani, asungidwe bwanji, ndiponso munthu atani akamugwera pakhungu, m'maso, kapena akawameza. Mabwana anali ndi dzina lawo la mapepalawa, koma ife tinkangoti makalata a zigubu. Amene ankagwira sitoloyo ine ndisanabwere ankangowaponya pashelefu, ndipo ndinawapeza atamatirirana, atachita chuku. Kuno kwathu pepala silikhalitsa. Chiperoni chikabwera, nkhungu ya mvula yowaza ija imene imachokera ku Mozambiki n'kukhala masiku anayi osasuntha, chilichonse chimanyowa, ndi mchere womwe umasungunuka m'botolo. Ndinawamatula limodzilimodzi, kuwayanika pachingwe ngati matewera, ndipo atauma ndinakatenga bokosi la bambo n'kuwaikamo.

Ndisaname, ndinayamba kuwawerenga chifukwa chosowa chochita. Opopera akanyamuka, masipuleya ali kumsana, ankamira m'nkhungu mmodzimmodzi mpaka kutsala mawu okha. Ine ndinkakhala pakampando pakhomo, bokosi lili pamwendo. Tiyi amayambira pakhomo pomwepo n'kukwera zitunda, wobiriwira, wometedwa mofanana, ndipo masiku a chiperoni phiri limasowa lonse moti mlendo sangakhulupirire kuti lilipo. Pamwamba pa kalata iliyonse pamakhala dzina la mzinda umene mankhwalawo anapangidwira, mizinda imene sindidzaipondako. Ndinkaganizira munthu amene analemba, atakhala m'chipinda chouma, chofunda, akuchenjeza munthu amene sakumudziwa kuti asamale, izi zimawotcha. Nthawi zina ndinkamupatsa nkhope ya mayi wonenepa wa magalasi, nthawi zina ya mkulu wadazi wokonda tiyi wathu yemweyu. Ndinkaona ngati makalatawo analembera ine, popeza pa esiteti yonse panalibenso wina wowatsegula. Akapitawo a gulu lopopera, bambo wamtali wa mawu ngati ng'oma, ankandiseka akandipeza. "Achemwali, chibwenzi chanucho chimalemba makalata ataliatali bwanji! Chidzabwera liti kudzaonekera kwa amalume?" Ine ndinkawauza kuti chikadzabwera iwo sadzaitanidwa.

Makalatawo anandipezera adani asanandipezere china chilichonse. Ndinawerengamo kuti chigubu chimene munali mankhwala sichiyenera kusungiramonso madzi kapena chakudya, ngakhale uchitsuke bwanji. Pa esiteti zigubu zimenezi anthu ankazilimbirana, zina zinkakapezeka pamsika wa Thuchila zitadzaza thobwa. Ine ndinayamba kuziboola pansi ndi msomali ndisanazibweze. Azimayi a kumalayini anakhala mwezi wathunthu akundiyankha moni ndi mphuno, ndipo wina anafunsa amayi ngati mwana wawo anabadwa ndi kaduka kapena anakaphunzira kusekondale.

Makalata onse amakonzedwa mofanana, mitu khumi ndi isanu ndi umodzi, ndipo mutu wachinayi ndiwo umanena za thandizo loyamba. Ndinauwerenga mofatsa koyamba tsiku lina masana, mvula ikudontha pamalata. Unkati mankhwala akalowa m'maso, diso litsukidwe nthawi yomweyo ndi madzi oyera ambiri, oyenda, zikope zitatsegulidwa, kwa mphindi zosachepera khumi ndi zisanu, kenako munthuyo apite kuchipatala atatenga pepalalo. Ndinatsegula kalata ina, mawu omwewo. Ina inkati mphindi makumi awiri. Ndinafufuza mawu akuti mkaka ndi chala, mzere ndi mzere, ngati munthu wofuna dzina lake pa zotsatira za mayeso, koma pa nkhani ya maso sindinawapeze paliponse. Nditadzutsa mutu ndinaona mpopi uja panja ukudontha monga mwa masiku onse.

Sindinauze munthu. Tsiku lomwelo ndinakadya kwa amayi, amene panthawiyo ankakhala ndi achimwene anga aakulu kumalayini komwe kuja, ndipo mdzukulu wina anapempha nkhani ya diso la agogo. Amayi anaikamba yonse, mabulugamu, kamlatho, patapata, nkhope yawo ikuwala. Ine ndinaseka pamalo posekera. Ndinadziuza kuti bambo anagona kale, diso lawo linagona nawo, nanga ndimulande bwanji mayi wokalamba chinthu chimodzi chimene amanyadira? Ndinakhala nacho mumtima zaka zitatu.

Achimwene ndiwo analowa ntchito ya bambo. Ndi munthu wofatsa, wochedwa kuyankha, amene amaweta nkhunda ndipo amaidziwa iliyonse ikadali m'mwamba. Iwo ndiwo ankasakaniza mankhwala a gulu lonse m'mawa uliwonse, pakasimenti ka panja pa sitolo. Magalasi ankavala, sindingawanamizire. Koma aliyense amene anavalapo magalasi amenewa m'chiperoni akudziwa kuti amachita nthunzi mkati mpaka munthu osaona ndi dzanja lake lomwe. Ndiye amuna ankawakwezera pamphumi kanthawi kochepa, kuti aone mzere wa pakapu yoyezera, n'kuwatsitsanso. Ndinkawakalipira tsiku ndi tsiku, iwo n'kumangoti, "Tamva, abwana aafupi."

Tsoka silinunkha. M'mawa umenewo nkhungu inali itatsika mpaka pansi, madontho ali lende pa waya wa mpanda. Ndinali m'sitolo ndikusuntha zigubu pamene ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamvepo kwa achimwene, kulira kwa mwana kotuluka pakamwa pa munthu wamkulu. Chigubu chinali chitawaterereka m'magolovesi onyowa, chinagunda pasimenti, mankhwala osasungunula n'kudumphira kumaso. Ndinawapeza atagwada, atagwira diso lakumanzere ndi manja onse, magalasi ali pamphumi. Anzawo anali atawazungulira kale, ndipo mmodzi ndinamuona akuthamanga kulowera kumalayini. Ndinadziwa amene akukawaitana.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza. Ndinawagwira kolala ya ovolosi n'kuwakoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika, munthu wondiposa kawiri, mpaka pampopi. Ndinawavula magolovesi kuti asadzitikite nawo, ndinawagoneka chammbali diso lovulalalo lili cha pansi kuti madzi asadutsire m'diso labwino, n'kutsegula mpopi pang'ono. Madzi a pampopi umenewo amachokera kuphiri, ndipo m'nyengo imeneyo amazizira mpaka kuluma mafupa. Ndinkawalandira m'dzanja limodzi kuti asagwe mwamphamvu. Diso linali litatsekeka gwa, ndipo ndinalitsegula ndi zala za dzanja linalo achimwene akukuwa, akundimenya pamkono.

"Akapitawo, bokosi langa! Muone dzina pachigubucho, mupeze kalata ya dzina lomwelo! Wina akaitane thirakitala!"

Mawu a m'kalatamo ndinkawadziwa pamtima, koma ndinkawadziwanso anthu akwathu. Mkazi wamfupi samumvera, pepala amalimvera. Akapitawo anabwera nalo bokosi, n'kumafananiza zilembo za pachigubu ndi za pamakalata chimodzichimodzi mpaka anaipeza. Ndinawauza kuti atsegule mutu wachinayi, atulutse foni, azitchula nthawi mokweza. Iwo anaima chilili n'kuyamba kuitana monga ankaitanira kale pasikelo ya masamba a tiyi. "Wani!" Panapita nthawi yaitali ngati ulendo wapansi wa ku Muloza asanati, "Thuu!"

Sindinkadziwa kuti mphindi ndi chinthu chachitali chonchi. Pofika yachitatu achimwene anati, "Basi chemwali, kwapola, ndisiye." Anzawo anavomereza kuti inde zakwana, mumupha ndi chibayo munthuyu. Ine ndinati aliyense wondigwira mkono ndimuluma, ndipo sindinkaseka.

Amayi anafika akapitawo atangoitana faifi. Anatulukira m'nkhungu opanda mpango kumutu, akukoka padzanja mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo amene anali ndi mwana wa miyezi iwiri. Mtsikanayo anali atamasula kale mabatani a bulauzi. Amayi anga a mawondo otupa, amene kupita kuchigayo ankapuma katatu, anali atathamanga njira yonse ija kachiwiri m'moyo wawo.

"Choka apo iwe! Madzi amakankhira mankhwala mkati, sukudziwa? Ukufuna kumuboola diso mwana wanga?"

"Amayi, imani pomwepo. Yatsala teni minitsi."

"Teni minitsi ya chiyani? Wanena ndani?"

"Pepala, amayi."

"Pepala!" Anatembenukira anthu. "Pepala linayamwitsapo munthu? Ine ndinapulumutsa bambo ake, uyu ali kumsana kwanga akundikodzera, lero azindiuza za pepala?"

Anaonjezera zina m'Chilomwe, chimene ankayankhula akakwiya kapena akamapemphera, ndipo anthu ena anaseka, ena anang'ung'udza. Mkulu wina wa m'gulumo anati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, mwana asamakane mayi ake pagulu. Akapitawo anayesa kuwerenga kalatayo mokweza, Chingerezi choyamba kenako Chichewa, koma mawu awo a ng'oma aja anali atachepa, ndipo ndinaona kuti nawonso ayamba kukayika. Achimwene anati pansipansi, "Aleke amayi ayese, chemwali." Amayi anawerama n'kugwira mpopi kuti autseke.

Ndili ndi pakamwa, aliyense amadziwa, ndipo pali zambiri zimene ndinanena m'moyo zimene ndikanakonda kuzimeza. Koma palibe zondipweteka ngati izi. Ndinati, "Mkaka wanuwo unapulumutsa chiyani? Bambo aja si anafa ndi diso limodzi? Mukufuna achimwenenso akakhale pageti?"

Amayi anachotsa dzanja pampopi pang'onopang'ono ngati chitsulocho chawawotcha. Sanandiyang'ane. Akapitawo ananena motsitsa kuti, "Seveni."

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira ngati ndinazionera pansi pa madzi. Amayi anaima kaye, kenako anagwada m'matope momwemo, ananyamula mutu wa achimwene n'kuuika pantchafu pawo, monga ndinkaonera m'maganizo ubwana wanga wonse. Madzi ankatsika m'dzanja langa, kulowa m'diso, kutsetserekera pachitenje chawo, iwo osasuntha. Ankawasisita tsitsi achimwene ndi dzanja limodzi. Mtsikana uja anaima kanthawi osadziwa chochita, kenako anakhala pamwala n'kuyamwitsa mwana wake. Zala zanga zinali zitachita dzanzi, sindinkazimvanso. Nthawi ina nkhungu inang'ambika kumtunda, phiri linaonekera chidutswa chokha, lakuda, lonyowa, lili m'mwamba lokha popanda tsinde, timitsinje toyera tikutsika pathanthwe popanda phokoso. Ndinaganiza kuti madzi ali m'dzanja langawa dzulo anali kumeneko. Ndinaganizanso za mayi wonenepa wa magalasi uja, kuti mwina panthawi yomweyo akumwa tiyi osadziwa kanthu. Ndinkalira, koma nkhope inali yonyowa kale ndiye palibe anazindikira. Akapitawo ataitana fifitini sindinasiye, ndinapitiriza mpaka thirakitala inafika.

Kalata ija ndinaipinda n'kuiika m'bulauzi. Kukiliniki ya pa esiteti adokotala anaiwerenga ali chiimire, anafunsa kuti tatsuka nthawi yaitali bwanji, ndipo akapitawo anayankha monyada ngati nzeruyo inali yawo. Adokotala anatsukanso disolo ndi madzi a m'thumba la diripi, n'kutitumiza kuchipatala chachikulu ndi kalata yomweyo. Kumeneko analimata ndi thonje, anatipatsa mankhwala odonthezera, n'kunena kuti tidikire, pakadali pano sanganene kanthu. Pobwerera akapitawo anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinatsala pang'ono kuwaponya kunja kwa galimoto.

Masiku amenewo chakudya sichinkatsika. Ndinkaopa kuti diso likayera ngati la bambo, malayini onse adzati mwana wamwano uja anakana mkaka. Koma kuposa pamenepo ndinkangoopa kuti achimwene adzayamba kutembenuka ndi mutu wonse. Amayi ankawaphikira, kuwadonthezera mankhwala pa nthawi yake, koma ine sankandiyankhula kupatula moni.

Atachotsa thonje diso linali lofiira psuu, lotuluka misozi, koma pakati pake panali pakuda bwinobwino. Patatha milungu iwiri ndinawapeza achimwene atakhala pakhonde dzuwa litapendeka, nkhunda zikuzungulira pamwamba pa malayini. Anatseka diso lakumanja ndi chikhatho n'kuloza m'mwamba. "Yamawangayo ndi yaikazi ija yothyoka chala. Ikuitsatayo si yanga, ndi ya kuseri." Kenako anandiyang'ana ndi diso lomwelo. "Iwenso ndikukuona. Sunatalikebe." Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira mokweza ngati pamaliro, mpaka ana anabwera kudzaonerera.

Nkhani ikanathera pamenepo ndikanaikonda monga ndinkakondera ya bambo. Kusitolo zinthu zinasinthako. Mabwana anabweretsa magalasi ena osachita nthunzi kwambiri, ndipo ine ndinalemba mutu wachinayi wa kalata iliyonse m'Chichewa, ndi zilembo zazikulu, n'kumata pakhoma m'mapepala apulasitiki. Akapitawo anasiya za chibwenzi zija. Koma kunyumba amayi anasiya kukamba nkhani ya diso. Pa Khirisimasi mdzukulu anaipempha, iwo anati, "Ndaiwala," n'kudzuka kukaona nkhuku. Zinandipweteka kuposa mmene kunditukwana kukanandipwetekera. Ndinapepesa kawiri, iwo ankangoti palibe mlandu, ndipo kwathu mawu amenewo akanenedwa mofulumira ndiye kuti mlandu ulipo.

Chiperoni cha chaka chotsatira chitayamba, tsiku lina masana gulu lonse lili kumunda, ndinaona munthu akubwera m'nkhungu pang'onopang'ono atafunda chitenje kumutu. Anali amayi. Chiyambire ntchito yanga anali asanalowepo m'sitolomo. Anaika nanazi pakampando kanga, anayang'ana bokosi la mkungudza, n'kuligwira pachivundikiro.

"Ili ndi la bambo ako."

"Eya, amayi."

"Tandiwerengere kalata ija. Usathamange."

Ndinaitulutsa. Inali idakali ndi mizere ya mmene ndinaipindira ndi madontho a madzi a tsiku lija. Ndinawerenga mutu wachinayi m'Chichewa, liwu ndi liwu, iwo akumvetsera maso ali panja.

"Madzi okha basi?"

"Madzi okha, kenako kuchipatala."

"Pepala limeneli linaliko nthawi ya bambo ako?"

"Sindikudziwa, amayi. Mwina linali ku ofesi, mwina kunalibe."

Anatuluka, ine ndinawatsatira. Anakaima pakasimenti kosakanizira paja, anayang'ana pansi ngati ataya singano, kenako anayamba kuyenda kulowera kumpopi milomo ikugwedera. Ankawerenga mapazi m'Chilomwe, ndipo kuwerengako sikunapite patali.

"Patapata uja anadukira apa," anatero. "Mpopi unali wotsegula, wina anasiya ndowa ikusefukira. Ndinalumpha matope ake kuti ndisagwe nawe."

Ndinawauza zonse zimene ndinakhala ndikukonza chaka chathunthu. Ndinati palibe amene ankadziwa, ngakhale amuna aja amene anaima pamenepo manja ali pamutu. Ndinati palibe angalumbire kuti madzi akanalipulumutsa diso lija. Ndinatinso mkaka nawonso unatsukako, mwina lakumanzere linatsaladi chifukwa cha iwo. Chomalizachi sindikudziwa ngati chinali choona, koma ndinkafunitsitsa chitakhala choona.

Amayi anapukusa mutu. "Mkakawo unali wochepa, mwanaka. Iwe unali utangoyamwa kumene. Ndinakama, ndinakama, unangokwanira diso limodzi. Ndinachita kusankha."

Mbali imeneyo ya nkhani inali isanakambidwepo pakhomo pathu, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale bambo anapita osaidziwa. Amayi anawerama, anatsegula mpopi, n'kuika dzanja lawo lamakwinya pansi pa madziwo.

"Tayang'ana pafoni yakoyo," anatero. "Tsiku lija mutu unali kwina, sindinaimve bwino fifitini yanuyo. Ikakwana undiuze."

Ndinatulutsa foni. Nkhungu inali itatitsekera mbali zonse, tiyi osaoneka, phiri osaoneka, sitolo yomwe itasanduka mthunzi chabe. Madzi ankadzaza m'dzanja la amayi n'kumasefukira pansi, ochuluka, okwanira maso a esiteti yonse. Tinaima pamenepo mpaka inakwana.